Mwana wanga ndamuletsa kuodira pa khomo la eni

Lachinayi lapitali mnyamata wanga analowa m'nyumba osalankhula, nsapato za mpira zili m'manja, n'kukakhala pansi penipeni m'khitchini, msana atatsamiritsa ku firiji. Ine ndinali kuvundula nsima kuti ndidye ndisananyamuke kupita ku shifiti ya usiku. Nditamufunsa chavuta, anati, "Amayi, galimoto ina yanditsatira kuchokera pakona paja mpaka pakhomo pano." Galimoto yoyera, mkati muli bambo wachizungu, foni ili m'mwamba kumujambula. Mwana akaima, nayo imaima. Akayamba kuyenda, nayo imakwawa pambuyo. Pofika m'mawa chithunzi chake chinali pa gulu la Facebook la anthu a dera lathu lino, pansi pake atalemba kuti tichenjere, kukuyenda mnyamata wokayikitsa. Mnyamata wokayikitsayo wakhala mumsewu umenewu zaka 9, ndipo kapinga wa pa nyumba zina zomwezo amatchetcha ndi iyeyo.

Nsima ija inapserera mumphika. Ndinapita kuntchito ndi njala, manja akunjenjemera pa chiwongolero, m'mutu muli dzina limodzi lokha, Trayvon Martin. Mwana wanga ali ndi zaka 17, ndipo tikukhala kufupi ndi Orlando, ku Florida. Kuchokera pano kukafika ku Sanford, tawuni imene Trayvon anaphedwera, sipatenga ndi ola lomwe pa galimoto.

Abale anga a kumudzi, ena nkhaniyi munangoimva patali, ndiye ndiifotokoze momwe inayendera. Pa 26 February 2012, madzulo kukugwa mvula, Trayvon, mnyamata wakuda wa zaka 17 wa ku Miami Gardens, ankachokera ku shopu ya 7-Eleven atagula maswiti a Skittles ndi chakumwa cha m'chitini. Anali atavala juzi ya chipewa, ndipo ankabwerera kunyumba imene iye ndi bambo ake anafikira, mumpanda wa nyumba wotchedwa Retreat at Twin Lakes. George Zimmerman, wa zaka 28, wa m'gulu la anthu odzipereka kulondera deralo, anamuona ali m'galimoto, n'kuimbira apolisi kuti waona munthu wokayikitsa. Wolandira foniyo atazindikira kuti Zimmerman watsika ndipo akumutsatira, anamuuza kuti sipakufunika kutero. Patangopita mphindi zochepa, Trayvon anali gone pa udzu ndi chipolopolo chimodzi pachifuwa. Analibe mfuti, analibe mpeni.

Zimmerman anati mnyamatayo ndiye anamuyamba, kumumenya chibakera pamphuno n'kumamenyetsa mutu wake pa simenti, ndipo anawombera poopa kufa. Ndisanamizire munthu: mabala analidi nawo, pamphuno ndi kunkhongo, ndipo mboni ina inati inaona wovala zakuda ali pamwamba. Apolisi anamufunsa usiku womwewo n'kumumasula. Panatenga milungu yoposa 6, anthu atachita zionetsero m'mizinda yambiri, kuti pa 11 April aimbidwe mlandu wakupha. Ndipo pa 13 July 2013, amayi 6 a jury, gulu la anthu wamba osankhidwa kuti agamule mlandu, atakambirana maola oposa 16, anati alibe mlandu.

Usiku umenewo ndimaukumbukira ngati dzulo. Linali Loweruka, cha m'ma 10 koloko, ndili pantchito kunyumba yosungirako okalamba, nditangotha zaka ziwiri m'dziko muno. TV ya m'chipinda chochezera inali yoyatsa. Ndinali nditagwada, ndikudzoza mafuta mapazi a gogo wina wachizungu amene ndinkamusambitsa tsiku ndi tsiku, amene ankandiitana ndi mawu achikondi n'kumandisungira mabisiketi m'kabati. Chigamulo chitawerengedwa, gogoyo anapuma mpweya wautali n'kunena kuti zikomo Mulungu, munthu wosalakwa wapulumuka. Phazi lake linali m'manja mwanga. Mnzanga wa pantchito, mayi wakuda wobadwira konkuno, anatuluka n'kukalirira m'chipinda chochapira, makina akuzungulira kuti asamveke. Ine ndinamaliza phazi lachiwiri, ndinamuveka sokosi, n'kumufunditsa. Ndikanatani? Lendi inkandidikira, ndipo kwathu ku Ntcheu kunali ana atatu a mchemwali wanga oyembekezera fizi.

Koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu: nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti nkhaniyi ndi ya eni dziko. Ndinamva chisoni monga mayi, inde, koma mumtima ndinkati awa ndi mavuto a anthu akuda a kuno ndi azungu awo, ochokera kalekale ku ukapolo, ife tinangobwera kudzagwira ntchito. Mwana wanga anali ndi zaka 5, aliyense m'shopu ankamusekerera n'kumugwira tsaya. Sindinadziwe kuti kamwana kosekereredwako kakangotalika n'kuyamba mawu aakulu, anthu omwewo adzayamba kukhoma zitseko za galimoto kakamadutsa.

N'chifukwa chake Lamlungu mtima unandiwawa kwambiri. Tinakumana a Malawi angapo pa nyumba ya mnzathu titachoka ku tchalitchi, ndipo ndinawaonetsa chithunzi chija. Bambo wina, munthu wophunzira, wantchito yabwino, anatafuna nyama yake n'kuti, "Alongo, musadzipatse BP. Ana athu ndi aulemu, sali ngati ana a kuno. Komanso uja Trayvon akanangoyankha bwino, akanakhala moyo. Khoti linaona umboni." Ndinati, "Achimwene, bambo amene anatsatira mwana wanga anamufunsa kuti kwanu n'kuti? Anaona pasipoti? Anadziwa kuti mwanayu amalandira chinthu ndi manja awiri?" Anangoti ine ndatengera ndale za kuno.

Si ndale. Amadou Diallo anali wa ku Guinea, wogulitsa malonda m'misewu ya New York, mlendo ngati ife. Mu February 1999 apolisi anayi anamuwombera zipolopolo 41 ali pakhomo la nyumba imene ankakhala ku Bronx, atatulutsa kachikwama ka m'thumba. Anati anaona ngati ndi mfuti, ndipo onse anayi khoti linawamasula. Ralph Yarl makolo ake ndi ochokera ku Liberia. Mu April 2023, ku Kansas City, anatumidwa kukatenga azing'ono ake amapasa, n'kusokoneza misewu iwiri ya mayina ofanana. Analiza belu pa nyumba yolakwika. Mwini nyumba, nkhalamba ya zaka 84, anamuwombera m'mutu ndi pamkono kudzera pa chitseko cha galasi, n'kudzati anachita mantha. Mwana wa zaka 16, wotumidwa ndi amayi ake, woimba m'bandi ya kusukulu. Mulungu yekha ndiye anamusunga kuti asafe. Ulemu umene achimwene aja akuudalira, Ralph analibe?

Nkhani ya Ralph ndi imene imandidula mawondo, chifukwa ine ndinakulira kumene mwana akasochera n'kunena kuti "Odi!" pa khomo losadziwa, amamuyankha kuti "Odini," kumupatsa mpando ndi madzi, kumufunsa kuti ndi mwana wa yani, kenako kutuma wina amuperekeze. Agogo anga mlendo wodutsa sankamulola kupitirira mphika uli pamoto. Lero ine, mdzukulu wa mayi ameneyo, ndakhazika mwana wanga pansi n'kumuuza kuti asadzagogode pa khomo limene sakulidziwa, ngakhale foni itazima, ngakhale galimoto itafa pamsewu usiku. Ndamuuza kuti chipewa cha juzi asavale kumutu ngakhale mvula ikugwa. Manja asaike m'matumba. Lisiti asasiye m'shopu. Akamatsatiridwa asathamange, chifukwa wothamanga amati ndi wakuba, komanso asatembenuke kukafunsa, chifukwa wotembenuka amati ndi wachiwembu. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga nditani, amayi?" Ndinasowa chomuyankha.

Funso limenelo ndi lomwe ndimalifunsa pa mlandu wa Trayvon mpaka lero. Anthu amene amati chigamulo chinali cholondola amayambira nkhani pakati, pamene anthu awiri aja ali pansi kulimbana. Ine ndimayambira poyamba. Ndani anali ndi mfuti? Ndani anatsika m'galimoto? Mwana wotsatiridwa mumdima ndi munthu wamkulu wosamudziwa, wopanda yunifomu, iyeyo alibe ufulu wochita mantha? Mtsikana amene ankalankhula naye pa foni mphindi zomalizazo, Rachel Jeantel, anauza khoti kuti Trayvon ankadandaula kuti pali munthu akumutsatira. M'malo momva zimene ankanena, dziko linatanganidwa ndi kuseka kalankhulidwe kake. Ine amene tsiku lililonse anthu amandibwerezetsa mawu chifukwa cha lilime langa, ndinadziona ndekha pa mpando umenewo, ndipo ndinadziwa kuti tsiku limene ndidzafunike kuikira umboni mwana wanga, adzayamba ayeza Chingerezi changa.

Lamulo la kuno limene amalitcha Stand Your Ground linakhazikitsidwa ku Florida mu 2005. Limati ngati uli pamalo pamene uli ndi ufulu wokhalapo, ndipo ukukhulupirira moyenera kuti moyo wako uli pachiswe, sukakamizidwa kuthawa, ukhoza kupha. Odziwa malamulo amakonda kundikonza kuti maloya a Zimmerman sanapemphe kuti mlandu uthetsedwe ndi lamulo limeneli, anangoti kunali kudziteteza wamba. N'zoona. Koma mawu a lamuloli analimo m'malangizo amene jaji anawerengera jury, ndipo apolisi pomumasula usiku uja anati lamulo silinkawalola kumanga munthu popanda umboni wotsutsa zonena zake. Umboniwo uchokera kuti, mboni yaikulu ili ku mochale? Zimmerman sanaime n'komwe kuti afunsidwe mafunso m'khoti, jury inangomvera zimene anajambulidwa akufotokozera apolisi. Mmodzi wa amayi 6 aja anadzanena pa TV kuti mumtima mwake ankaona kuti munthuyo wapha, koma malamulo momwe anawafotokozera sanampatse njira yomupezera wolakwa. Ndiye ngati chinthu chonse chagona pa mantha a wowomberayo, ndipo m'dziko muno nkhope yoopedwa kwambiri ndi ya mnyamata wakuda, mwana wanga amatuluka m'nyumba atagamulidwa kale theka.

Ndipo mantha si a aliyense amene amawerengedwa. Marissa Alexander, mayi wakuda wa ku Jacksonville, anawombera kukhoma pokangana ndi mwamuna wake amene anati ankamuzunza. Palibe anavulala. Anapempha chitetezo cha lamulo lomweli, anamukanira, ndipo mu 2012 anamugamula zaka 20. Woimira boma pa mlandu wake anali Angela Corey, yemweyo amene anatsegulira mlandu Zimmerman. Chigamulocho chinadzasinthidwa pa apilo ndipo mayiyo anatuluka, koma atakhala kale zaka m'ndende, khanda atalisiya kunja.

Ena amati mtundu sunalowepo chifukwa amayi ake a Zimmerman ndi a ku Peru. Ine sindifunsa za khungu la wogwira mfuti. Ndimafunsa chimene anaona atayang'ana mwana woyenda mumvula. Ngakhale Obama, ali pulezidenti, ananena kuti akanakhala ndi mwana wamwamuna akanafanana ndi Trayvon, ndipo ambiri anamukwiyira kuti akugawa dziko. Mawu akuti Black Lives Matter, kutanthauza kuti moyo wa anthu akuda ndi wofunika, anabadwa ndi chigamulo chomasula Zimmerman, ndipo mmodzi wa amayi atatu amene anawayambitsa, Opal Tometi, makolo ake ndi ochokera ku Nigeria. Mwana wa obwera ngati wangayu anazindikira msanga chimene ife akuluakulu timakana. Mu 2015 boma lalikulu linatseka kafukufuku wake osatsegula mlandu wina. Mu 2016 Zimmerman anaika pa okushoni mfuti imene anaphera mwanayo. Ndimaganiza za mayi ake a Trayvon, Sybrina Fulton, kumva nkhani imeneyo.

Sindikuti khoti la kuno silimangapo owombera. Amene anapha Ahmaud Arbery ku Georgia mu 2020 ali kundende moyo wawo wonse, ngakhale panafunika kuti vidiyo ituluke kaye, patatha miyezi iwiri, kuti amangidwe. Sindikutinso kwathu n'kumwamba. Ndinaonapo ndi maso anga mumsika munthu atangokuwiridwa kuti "wakuba", anthu n'kumuunjikira osafunsa chimene waba. Nkhanza ya kuweruza munthu ndi maso ndimaidziwa. Koma kwathu palibe amene amanena kuti lamulo linalola.

Chimene chikundipweteka china n'chakuti ndilibe kokadandaula. Ndikaimba foni kumudzi, nkhani isanathe amati, "Koma inu muli pabwino, anthu akuvutika kuno." Mlamu wanga mwezi uno wandiimbira kanayi kuti ndimutengere mnyamata wake, akuti akadzangoponda America basi banja lawomboka. Ndimutumizira ndalama ya feteleza, ndimutumizira ya fizi, koma ndikamuuza kuti ine ndimagona foni ili pachifuwa kudikira uthenga woti mwana wafika, amaona ngati ndikumana. Mnyamata wakeyo ndi wamtali kuposa wanga, wokonda kuyenda usiku, wopatsa moni aliyense. Ndimuika pati?

Lachisanu ndisanagone, nditachoka ku shifiti, ndinalemba pansi pa chithunzi chija kuti ameneyu ndi mwana wanga, amakhala pa nyumba yachitatu kuchokera pakona, amachokera ku mpira. Ndinafufuta kawiri mawu amene anali mumtima, kuopa kuti angati mayi wake ndi wolusa. Amayi awiri anapepesa. Bambo wa galimoto uja anayankha kuti ankangoteteza dera lathu, ndipo anthu ambiri anamuthokoza. Chithunzi sanachichotse. Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga ndimakamutenga pa galimoto ku bwalo la mpira, mtunda woyenda mphindi 10 wapansi, ndipo shifiti ndimafika mochedwa. Abwana andichenjeza kale kamodzi.