Lekani kuchulukitsa msuzi ndi madzi a m'ndowa

Ana anga a kuno ku Mangochi, inu amayi, inu atsikana amene mwangolowa kumene m'banja, ndi inu anyamata odziphikira nokha kumadoko a Makanjira, Malindi ndi Msaka, tatcherani khutu. Pali mchitidwe wina umene wafala pamafuwa pathu, ndipo ine sindingauyang'ane n'kukhala chete.

Ndiwo zapsa, poto waphulidwa, pakhomo pamveka odi. Mwini khomo asuzumira m'poto, aona kuti msuzi sukwanira. Atenga kapu, amiza m'ndowa, khuthu! Avundula kawiri, alawa, awaza kamchere, n'kuyamba kupakula. Poto uja sabwereranso pamoto ayi. Madziwo ndi omwe aja anatungidwa m'mawa kunyanja kapena mu Shire, pomwe wina akusamba, wina akuchapa matewera, wina akutumbula nsomba. Ngakhale akhale a pamjigo, m'ndowamo mwalowa manja angati chiyambire kucha? Kapu yomweyo mwana anamwera n'kuisiya pansi. Ndiye mwaphika bwinobwino, moto wapha tizilombo tonse, inu nomwe n'kutibwezeramo ndi dzanja lanu. Nzeru zake ndi ziti pamenepa?

Kodi mwaiwala kale? Kolera uja anayamba mu Marichi 2022 kwa anansi athu a ku Machinga, anafalikira dziko lonse mpaka kulowa mu 2023, ndipo anapha anthu oposa 1,700. Boma lathu la Mangochi linali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri. Tinaona matenti pazipatala, tinaona maliro oikidwa mwachangu popanda kusambitsa monga mwa mwambo wathu. Kachilombo ka kolera kamafa madzi akabwata. Koma kakagwera mu msuzi wofunda, umene watsika pamoto, kapeza pabwino. Kamaswana msanga, makamaka mu ndiwo zotendera, chifukwa nsinjiro zilibe kuwawasa kuja kumene kuli mu tomato kapena mandimu. Mbale imodzi imeneyo ikhoza kugoneka banja lonse pamodzi ndi alendo amene mumafuna kuwalemekeza.

Sindikuti muziwamana alendo. Kumana mlendo si khalidwe lathu. Ndikuti ngati mwawonjezera madzi, bwezerani poto pamoto abwate kwenikweni, thovu lichite kugudubuzika kwa mphindi zingapo, osati kungofunda m'mbali. Mlendo wayenda kuchokera ku Namwera, mphindi zisanu zokha sizingamuphe ndi njala. Amayi ochenjera amakhala ndi ketulo ya madzi owira pambali pa mbaula, ndipo akafuna kuwonjezera amathira omwewo.

Komatu gwero la zonsezi ndi changu. Ambiri a inu simukuphikanso msuzi, mukungotenthetsa madzi ofiira. Mafuta, anyezi, tomato, madzi, zonse m'poto nthawi imodzi, pamwamba n'kufikisira timibulu tokometsera ndiwo ta m'timapepala tiwiri kapena titatu kuti pamveke kukoma. Ukapakula, mafuta ali paokha, madzi ali paokha, makoko a tomato akuyandama. Ukapisa mbamu ya nsima, ibwerako yoyera.

Msuzi umachokera m'ndiwo zenizenizo, ndipo umafuna munthu woleza mtima. Tiyambe ndi chambo, poti ndife a kunyanja. Palani mamba, tumbulani mosamala kuti ndulu isaphulike, chifukwa ikaphulika poto yense awawa ndipo palibe chokometsera chingakupulumutseni. Mutu musataye, kukoma kuli mmenemo. Chotsani zofiira za mkati zija zokha. Anyezi akazingidwe yekha pamoto wapakatikati kufikira atafewa n'kuyamba kufiirira, osamupsereza. Kenako tomato wodula bwino ndi kamchere pang'ono, vundikirani. Musiyeni aphwanyike yekha mpaka madzi ake aphwe, muone mafuta akutuluka m'mbali. Pamenepo ndi pamene mungathire madzi otentha, pang'onopang'ono, n'kugoneka nsomba yanu. Nsomba savundula ndi mthiko, mumangogwedeza poto. Zimene zili m'mutu ndi m'minga zimasungunukira m'madzimo, n'chifukwa chake msuzi wa kampango wophikidwa bwino ukazizira umagwirana.

Nyama ya mbuzi kapena nkhuku yachikuda nayo n'chimodzimodzi. Iwire m'madzi ake mpaka aphwe, ikazingike m'mafuta ake omwe. Zofiirira zimene zimakanirira pansi pa poto, zimene atsikana ena amathamangira kukakwecha ndi mchenga, ndiwo mtima wa msuzi. Thiranipo madzi otentha pang'ono, palani ndi mthiko zisungunuke. Mukafuna kuti ulimbe, sungunulani supuni imodzi ya ufa wa tirigu m'madzi pang'ono kuti usachite mibulu, thirani mukuvundula, ubwate mphindi zisanu kufikira fungo la ufa wauwisi litatha. Ufawo thirani poto akadali pamoto, osati mutaphula.

Za timibulu tija ndinenepo pang'ono. Sindikuti ndi poizoni, koma gawo lalikulu la kambulu kalikonse ndi mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikiza zonse zimene wadya kuyambira m'mawa. Inu mwathira mchere wa m'manja, mwathira timibulu, usipa wake mwina unali wothira kale mchere, ndipo bambo akakhala pamphasa ayitanitsanso wina asanalawe n'komwe. Mawa BP ikakwera, munthu n'kufa ziwalo mbali imodzi, tiyamba kulozana zala kuti wamulodza ndi uje. Lawani musanathire, ana inu.

Kumsika nako mukundikhumudwitsa. Dzuwa likapendeka mumathamangira mulu wa tomato wophwanyika, wotuluka madzi, wina wachita kale chuku, ati poti ngotchipa ndipo akathera mu msuzi momwemo. Wofewa chifukwa chakupsa alibe vuto, ndiye wabwino kumene. Koma wonunkha, wa ubweya woyera kapena madontho akuda, ngwa kudzala. Ndipo tomato aliyense mutsukeni ndi madzi abwino musanadule, pakuti alimi ambiri amapopera mankhwala, ena amaoneka ngati ufa pakhungu pake.

Mtedza ndiye woopsa koposa. Wabwino mumagulitsa, wofota ndi wakuda uja n'kusinja kuti mutendere ndiwo za ana anu. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo ameneyu moto wa pamafuwa sumutha. Mungawiritse tsiku lonse, ali momwemo. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka kudzetsa khansa, ndipo amathandizira kupinimbiritsa ana. Sankhani mtedza musanasinje, wowawa ndi wachuku mutaye. Nsinjiro zogula zosinjasinja, zimene simunaone mtedza wake, muzichenjera nazo. Mafuta akuda otsala pachiwaya cha tchipisi, amene akazingira masiku angapo, musawalowetse m'poto mwanu ngakhale akupatseni ulere.

Tsono msuzi wotsala. Kuno si ku Dedza. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala ndi Novembala mukukudziwa, munthu umachita thukuta uli pamthunzi wa mango. Azaumoyo amati chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha chotere nthawiyo imafupika. Inu ndiwo za masana mumazisiya pakhonde osavundikira, ntchentche zochokera kuthandala la nsomba ndi kuchimbudzi zikuteramo, madzulo n'kungozifunditsa pamakala otsala. Choipitsitsa, mumapatsa mwana wamng'ono m'mawa ndi mkute osatenthetsa n'komwe. Musadalire mphuno, pakuti msuzi ukhoza kudwalitsa usanayambe kusasa. Ngati mulibe fuliji, phikani zokwanira kudya nthawi imodzi. Zikatsala, vundikirani, ndipo zibwate ndithu musanapakule. Zogona zimene zayamba thovu kapena kutanuka, tayani, musamve chisoni.

Mawu anga omaliza apite kwa inu amene mumagwira mapoto akuluakulu pa sadaka, pa ukwati, pa maliro ndi pa zinamwali. Kumeneko ndiye kumene madzi ozizira amathiridwa kwambiri, chifukwa anthu amabwera ochuluka kuposa amene munawerengera, ndipo wophika safuna manyazi. Mayi wamkulu woyang'anira kukhitchini akhale ndi poto mmodzi wa madzi okhaokha pamoto kuyambira m'mawa mpaka anthu atabalalika. Madzi a m'migolo athiridwe klorini, alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu akuuzani muyezo wake. Kusamba m'manja kukhale kothirirana ndi sopo, beseni limodzi losambamo anthu makumi awiri lija lilekeke. Ndipo wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, musadikire kuti kuche: mpatseni Thanzi ORS wosungunula m'madzi owiritsa, azimwa muli panjira yopita kuchipatala.