Kodi chilichonse chikhale geni?

Funso ili loti "ndiye mugulitsa zingati?" landifika pakhosi. Landikwana zedi.

Loweruka alamu anga anandipeza pakhonde kuno ku Chibavi ndikupala thabwa langa loyendera pamafunde, surfboard, lomwe ndikupanga ndi manja angawa. Analizungulira, analigogoda ndi chala, atamva kuti m'kati ndi mphako anayamba kuseka. Amvekere, "Alamu, bokosi la maliro limeneli ndi la yani? Matabwa onsewa mukanakhoma bedi bwenzi pano mutadya kale ndalama." Nditawauza kuti sindigulitsa, ndi langa, anandiyang'ana ngati mutu wanga wasokonekera. Akuti ndikuwononga matabwa. Akuti ndikutaya nthawi.

Nthawi yake ya ndani? Matabwa ndinagula ndi ndalama ya ndani?

Anthu inu, munthu ali ndi ufulu wopanga chinthu chifukwa choti mtima wake wachikonda, basi. Osati chilichonse chimene manja agwira chikathere pamsika. Bambo amene amaswera pa bawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa palibe amamufunsa kuti bawoyo yamulipira zingati. Amene amakesa m'bala kukuwira timu ya ku England yomwe sidziwa n'komwe kuti kuli Mzuzu, ameneyo timati akupumitsa mutu. Koma wina angogwira pulena madzulo akaweruka, osapempha munthu, osasokoneza munthu, mudzi wonse wasanduka akaunti, kumuwerengera phindu.

Alamu angawo sanaone n'komwe chomwe amagogodacho. M'kati mwa thabwa lija muli msana wautali wa plywood, ndipo pamsanapo pakhomedwa nthiti zopingasa, iliyonse yodulidwa muyeso wakewake, yobooledwa kuti ipepuke komanso mpweya uzidutsa. Pamwamba ndi pansi mumamata timatabwa topyapyala, kamodzikamodzi, ndi guluu, n'kupana ndi zopanira mpaka pauma. M'mbali ndiye muli ntchito yoswa mutu: mumasanja timizere ta thabwa kuti tipinde motsata nthiti, kenako pulena, kenako sandipepa, mpaka dzanja likamadutsa lisamve potsekereza. Mukapala mopyola pang'ono chabe, mwaboola. Pomaliza mumakuta ndi nsalu ya fibreglass ndi epoxy kuti madzi asalowe, n'kusiya kabowo kopumira kotseka ndi sikuluwu, chifukwa thabwa lamphako mukalisiya padzuwa lili chitsekere mpweya wa m'katimo umafufuma mpaka kung'amba pomwe munamata. Zonsezi munthu n'kungoti bokosi la maliro! Galu wamkota sakandira pachabe, alamu.

Ndipo luso limeneli silinayambire pakhonde panga. Ku Hawaii kalekale ankasema matabwa amenewa kuchokera ku mtengo wathunthu, ena a mafumu olemera kuposa thumba la simenti. Tom Blake, wa ku America, ndi amene anavutika ndi kulemerako, n'kuyamba kuboola mabowo ambirimbiri m'thabwa ndi kuwaphimba, mpaka anafika pa thabwa la nthiti m'kati lomwe analembetsa ngati luso lake mu 1932. Matabwa akewo anadzagwiritsidwa ntchito ndi anthu opulumutsa omira m'nyanja. Akanakhala ndi alamu ngati angawa bwenzi atamuuza kuti asiye zachibwana akhome mipando.

Ena ndiye amabwera ndi nzeru zawo: "Mafunde ake ati ku Malawi kuno?" Ofunsawo ndi anthu oti nyanja amaiona pa Khirisimasi pokha, atavala jinzi, madzi olekeza m'mawondo. Tsikirani ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche mwezi wa June kapena July mwera ukamawomba, mukaone asodzi atakokera mabwato kumtunda kuopa nyanja. Si mafunde a ku Hawaii, inde, koma akukwana kunyamula ine ndi thabwa langa. Ndipo ngakhale akanakhala kuti kulibe, ngakhale thabwalo nditangolipachika pakhoma m'chipinda chochezera, zikukukhudzani pati? Ndati ndi langa.

Mwina ndi umphawi watizoloweza kuwerengera chilichonse m'makwacha, kaya. Koma zafika ponyansa. Mtsikana akaluka bwino, "yamba geni." Mnyamata akajambula, "zimenezo udya?" Mayi akadzala maluwa pakhomo, "bwanji osabzala mpiru?" Tikupha luso la ana athu ndi pakamwa pathu, kenako tizidabwa kuti chilichonse chokongola chimachokera kunja. Munthu asangalale ndi manja ake popanda kupereka lipoti kwa inu. Sikuti aliyense wogwira sowo akusaka kasitomala. Ena tikungofuna mtendere wamumtima, fungo la utuchi, ndi kuona chinthu chikubadwa pamaso pathu. Mutisiye.

Ndipo poti mwatchula zowononga matabwa, tiyeni tikambe za owononga enieni. Mzuzu uno uli pakhomo penipeni pa Chikangawa, nkhalango yobzalidwa yomwe tinkanyadira kuti ndi imodzi mwa zazikulu mu Africa muno. Dutsani lero pamsewu wa M1 muone zitsa ndi mapiri opserera. Matiraki anatuta paini usana ndi usiku, moto chaka ndi chaka, ife tili phee. Lero kuti upeze thabwa louma, lowongoka, lopanda mfundo, uzungulira msika wonse wa matabwa, ndipo lomwe akugulitse ndi laliwisi, lodontha utomoni, ukafika nalo kunyumba sabata isanathe lapindika. Mtengo wake ngati labwera pa ndege. Mkungudza wa ku Mulanje, wopepuka komanso wosafumbwa, ndiye tinaumaliza kale ndi nkhwangwa. Pamenepo alamu anga sanatsegulepo pakamwa ngakhale tsiku limodzi.