Tikiti yakale ya liwiro ingakulepheretseni ntchito ya thiraki? Kuno, Tanzania, Mozambique, Zambia ndi Joni

Pa Kamuzu Road ku Salima, pomwe malole amaima madalaivala akudya chipisi, funso ili silisowa: munthu anagwidwapo akuthamanga zaka ziwiri zapitazo, pano watenga laisensi ya EC, yoyendetsera mathiraki akuluakulu okoka ngolo, ndipo akufuna kukalemba ntchito ya thiraki yodutsa malire, kodi bwana akaiona tikiti ija? Kuthamanga komweko dziko lina limakutenga ngati chindapusa chabe, lina ngati ngongole ya galimoto, lina ngati mlandu wa kukhothi. Kusiyana konse kwagona pamenepo.

Kuno kwathu ku Malawi, atrafiki akakuimitsani pa M5 kapena pa M14 kaamba ka liwiro, nthawi zambiri mumalipira ndi kupatsidwa lisiti ya boma, ija timaitcha GR. Mukalipira nkhani yatha, simunaime pamaso pa majisitireti. Kampani ikamalemba dalaivala imafuna laisensi ya C kapena EC, PrDP (chilolezo choyendetsera galimoto ngati ntchito) yosatha masiku, ya G ngati ndi katundu wamba kapena ya D ngati ndi thankala ya mafuta, ndi kalata ya kupolisi yomwe imatuluka atakujambulani zidindo za zala. Kalata imeneyi imaonetsa milandu yomwe khothi linakupezani wolakwa. Tikiti yolipiridwa pamsewu si mlandu wotero. Koma ngati liwirolo linathera pa ngozi, mukazengedwa mlandu woyendetsa mosasamala ndi kugamulidwa, apo ndiye chipsera chimatsala, ndipo makampani a mathankala sachedwa kukankhira fomu yanu pambali.

Ku Tanzania n'kumene madalaivala athu ambiri amapsa. Mukangowoloka pa Songwe kulowa Kasumulu, msewu wonse wodutsa Mbeya mpaka Dar es Salaam uli ndi zikwangwani za liwiro la makilomita 50 pa ola pafupifupi mudzi uliwonse, ndipo wapolisi wa kamera ija eni ake amaitcha tochi amakhala pamthunzi pomwe simukuyembekezera. Chindapusa ndi mashilingi 30,000 pa cholakwa chimodzi. Ndalamayo si yoopsa kwenikweni. Choopsa n'choti tikiti imalembedwa m'kompyuta pa nambala ya galimoto ndi ya laisensi, mumapatsidwa control number yolipirira pafoni kapena kubanki m'masiku 7, ndipo mukazengereza ngongole imakwera. Aliyense amene ali ndi nambala ya galimotoyo angathe kuona ngongoleyo pa TMS, tsamba la apolisi la pa intaneti loonerapo matikiti. Ndiye taganizani: mwasiya ntchito, dalaivala wina watenga thiraki yomweyo, akumuimitsa ku Iringa n'kumuuza kuti galimoto ili ndi ngongole zitatu. Bwana amalipira, inde, koma amafufuza tsiku n'kupeza kuti pa chiwongolero panali inu. Kampani yatsopano ikaimba foni kufunsa za khalidwe lanu, nkhani yoyamba kutuluka imakhala imeneyo.

Ku Mozambique, njira ya ku Beira kudzera pa Dedza kapena Mwanza, ndi ya ku Nacala kudzera pa Chiponde, tikiti amaitcha multa ndipo imalipiridwa m'mameticais. Vuto la kumeneko ndi masiku otayika komanso pepala lolembedwa m'Chipwitikizi lomwe ambiri amasaina osadziwa chomwe avomera. Ku Zambia, kupitirira pa Mwami, a RTSA, bungwe la boma loona za pamsewu, anaika makamera a liwiro ku Lusaka mu 2018, ndipo kamera sidziwa nkhope, imangowerenga nambala ya galimoto. Kumenekonso tikiti ingathe kukafika kwa mwini thiraki inu mutabwerako kalekale.

Joni ndi kumene tikiti ingasanduke mlandu weniweni. Thiraki yolemera kupitirira makilogalamu 9,000 siloledwa kupyola makilomita 80 pa ola. Mukapyola malire a liwiro ndi makilomita oposa 30 pa ola m'tauni, kapena oposa 40 kunja kwa tauni, sakupatsani kapepala koti mukalipire, amakumangani ndipo mumakaonekera kukhothi. Mukapezeka wolakwa dzina limalowa m'kaundula wa milandu. Lamulo lawo limakananso kupereka PrDP kwa munthu amene m'zaka 5 zapitazo anagamulidwa pa mlandu woyendetsa ataledzera kapena woyendetsa moika miyoyo pachiswe. Ku Johannesburg ndi ku Tshwane kuli dongosolo la zindapusa za pamsewu lotchedwa AARTO: mukalipira m'masiku 32 amakuchotserani theka, mukanyalanyaza mpaka kutuluka enforcement order, chikalata chokukakamizani kulipira, kompyuta ya boma ya eNaTIS, yosunga mbiri ya magalimoto ndi malaisensi, imatseka kukonzanso laisensi, PrDP ndi disiki ya galimoto. Izi zimaluma kwambiri amene ali ndi laisensi ya komweko kapena akufuna ntchito pa kampani ya komweko, ndipo makampani amenewo amafufuzadi mbiri ya milandu asanakupatseni makiyi.

Kunena zoona, masiku ano wapolisi si mboni yaikulu. Mathiraki ambiri a makampani akuluakulu, kuphatikizapo ena onyamula shuga ku Dwangwa, ali ndi tiraka, kachipangizo komwe kamalemba liwiro, kuponda mabuleki mwadzidzidzi ndi kuyenda usiku. Dalaivala amene anazolowera kupereka "ya fanta" angakhale alibe tikiti ngakhale imodzi, koma lipoti la tiraka kwa bwana wakale lili lofiira tsamba lonse.

Musanapereke fomu, lembani nambala za mathiraki onse omwe munayendetsa kunja, muone pa TMS ngati pali ngongole ya m'masiku anu, ndipo ngati ilipo kambiranani ndi bwana wakale muilipire. Malisiti musamawasiye pa dashibodi. Aja otuluka m'kamakina a ku Tanzania ndi a pepala lonyezimira, dzuwa la kunyanja kuno limafufuta zilembo m'masabata ochepa n'kutsala kapepala koyera, choncho ajambuleni pafoni tsiku lomwelo nambala ndi deti zikuoneka. Kalata ya kupolisi katengeni yatsopano, chifukwa makampani ambiri salandira yakalekale. Fomu ikafunsa ngati munagamulidwapo kukhothi ndipo munangolipira pamsewu, yankho ndi ayi. Ikafunsa za matikiti onse, lembani chaka, malo ndi kuti munalipira, mumate ndi fotokope ya lisiti. Matikiti awiri m'zaka zitatu bwana wodziwa msewu wa Dar sadabwa nawo, koma akapeza yekha tikiti yomwe munabisa, amakuchotsani ngakhale mutagwira kale miyezi itatu.