Musaimbe mlandu ana, vuto lili pa zolemba

Alembi, mwanena kuti Avatar: The Last Airbender ya Netflix ya 2024 yafooka chifukwa Gordon Cormier (Aang) ndi Kiawentiio (Katara) sadziwa kuchita sewero. Pamenepo ndakana. Tamvetserani mawu amene anawapatsa. Aang amaima n'kumafotokoza kuti iye ndi mwana wokonda kusewera, pomwe m'katuni ya 2005, komwe seweroli linachokera, tinkamuona akutsetsereka pamsana pa penguin. Mwana wa zaka 12 angatani ndi mawu otere? Ngakhale katswiri angaume pakamwa.

Nthawinso sinali yochepa ayi. Gawo loyamba la katuni linali ndi zigawo 20 za mphindi 23, Netflix ili ndi 8 za pafupifupi ola limodzi, choncho kutalika kwake sikusiyana kwenikweni. Cholakwika n'kuunjika. Jet, Bumi ndi makaniko wina, omwe m'katuni aliyense anali ndi nkhani yakeyake, onse awathira mumzinda umodzi wa Omashu, ndiye palibe amene wapeza mpata woti timudziwe. Kuphedwa kwa Air Nomads, anthu a mtundu wa Aang, akuonetsa poyambirira penipeni, pomwe kale tinkazindikira limodzi ndi Aang m'chigawo chachitatu ataona mafupa a mphunzitsi wake Gyatso. Ululu wonse unali pamenepo. Ndipo gawo lonse likutha Aang asanaphunzire kulamula madzi!

Mwaiwalanso chimene akonza bwino: asilikali a m'sitima ya Zuko, mwana wa mfumu amene akusaka Aang, ndi a gulu la 41st Division, omwe Zukoyo anawaikira kumbuyo mpaka bambo ake kumuwotcha nkhope. Zoti a m'sitimawo ndi gulu lomwelo m'katuni munalibe. Onerani chigawo cha 6 muone mmene Dallas Liu (Zuko) ndi Paul Sun-Hyung Lee (Iroh) akuchitira akapatsidwa zolemba zabwino.