Foni ili ndi mwana, makolo ali ku Joni

A mtolankhani, mwati ana otukwana anzawo pa WhatsApp amachokera m'mabanja a ndewu. Ndi zoona, koma kuno ku Chigwa cha Shire ena ndi ongosiyidwa m'manja mwa agogo. Makolo ali ku Joni, amatumiza foni, basi udindo watha. Agogo osatha kuwerengawo adziwa bwanji zomwe mdzukulu akulemba usiku?

Kwathu ku Bangula, namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023, mtsikana wina anamujambula ali pamzere wolandira ufa kumsasa, chitenje chili matope okhaokha. Chithunzicho chinazungulira m'gulu la kalasi yake, akumutcha wopemphetsa. Anasiya sukulu teremu yonse. Wojambulayo? Msuweni wake weniweni, mabanja awo akukanganirana dimba.

Makolo anzanga, lamulo loletsa kuzunzana pa intaneti lilipo kuyambira 2016, ndipo kuimba 116, nambala yothandiza ana, n'kwaulere.