Wamalonda wakunja amayamba wafunsa amene ali kale kuno

Chaka ndi chaka timamva za misonkhano yokopa amalonda akunja. Nduna zimakwera ndege, mapangano amasainidwa, kenako zii. Ine ndikuona kuti tikuyambira polakwika. Munthu wofuna kuyika mamiliyoni a madola m'dziko lachilendo sakopeka ndi zolankhula za pamsonkhano. Amaimbira foni mnzake amene ali ndi fakitale ku Kanengo kapena ku Makata n'kumufunsa zinthu ziwiri: magetsi ali bwanji kumeneko, nanga ndikapindula ndalama zanga zituluka?

Funso lachiwirilo ndi limene limandiwawa. Wafakitale amagulitsa katundu wake m'makwacha, koma zitsulo za makina ndi zipangizo zambiri amagula m'madola. Amapereka mapepala kubanki n'kumadikira masabata, mwina miyezi, kontena yake ili padoko ku Beira, ndalama zolipira malo zikukwera tsiku lililonse. Akudikira choncho kwacha n'kugwa, ngati mmene inagwera ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Phindu limene anawerengera m'buku latha asanaligwire n'komwe. Munthu wotereyu ukamuuza kuti tamukhululukira msonkho kwa zaka zisanu, akuyankha kuti msonkho wa phindu liti? Ndipo akauza anzake khumi kwawo.

Za magetsi tonse ndife mboni. Ambiri mwa magetsi athu amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, tinataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Pitani pachigayo magetsi atazima mukaone: amayi akhala pamatumba a chimanga kuyambira m'mawa, mwini chigayo wangogwira m'chiuno, anyamata ake akufunabe malipiro. Ngati chigayo chikulira chonchi, nanga fakitale ya anthu 500?

Si kuti akunja amatida ayi. Kampani ya JCM inamanga malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima, omwe anatsegulidwa mu 2021, chifukwa panali pangano lomveka: wogula magetsiwo alipo, mtengo wake ndi uwu, kwa zaka zakuti. Pamene zinthu zalembedwa ndipo sizisinthasintha, ndalama zimabwera.

Bungwe la boma lothandiza ofuna kuyika ndalama m'dziko muno la Malawi Investment and Trade Centre (MITC) lilipo kuyambira 2012 kuti wamalonda asamazunguliridwe m'maofesi, ndipo ndi ntchito yabwino, koma silingamupatse madola kapena magetsi. Kwa ine, chingwe cha magetsi chochokera ku Matambo ku Mozambique kudzafika ku Phombeya m'boma la Balaka chili ndi phindu kuposa misonkhano khumi ya ku hotela. Ndalama za maulendo a nduna aja zikanapita kotere, ndipo boma likanayamba lakhala pansi ndi eni mafakitale amene akuvutika nafe kuno n'kuwauza momveka kuti madola ogulira zipangizo aziwapeza pakatha masiku angati.