Kalata ya ulemu imene mayi mnzanga anafuna kutaya

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, mayi wina amene timagwira naye ntchito usiku ku nyumba yosamalira okalamba kuno ku Indiana, ku America, anandikokera pambali. Anatulutsa kalata m'chikwama, yopindapinda, nati, "Achemwali, tandiwerengereniko iyi. Abambo kunyumba akuti ndi za akuba, ndingoitaya." Kalatayo inali yochokera ku koleji yomwe amaphunzira madzulo, yomuitana kuti alowe m'bungwe la Alpha Sigma Lambda, lolemekeza ophunzira akuluakulu okhoza bwino, chifukwa cha magiredi ake abwino.

Ndinamuyang'ana mayiyu ndipo mtima unandiwawa. Ndi munthu wa zaka za m'ma 40, ana atatu, wina wake ali ku sekondale. Ndamuonapo kambirimbiri nthawi ya 3 koloko usiku, agogo onse atagona, atakhala pakona pafupi ndi makina a khofi, akuwerenga timakadi tomwe analembapo mayina a mafupa ndi minyewa. Belu la m'chipinda likalira amatiika m'thumba la yunifolomu n'kuthamanga. M'mawa akaweruka amadikira kaye m'galimoto kuti injini itenthe, buku lili pa chiwongolero. Ndiye lero sukulu yamuona, yamulembera kuti wachita bwino, ndipo ganizo loyamba m'nyumba mwake ndi loti ataye.

Sindikuwadzudzula abambowo. Kuno makalata ndi ma email ofuna ndalama amabwera ngati mvula, ndipo ena amavaladi dzina la "honor society", kutanthauza bungwe la ulemu la ophunzira okhoza bwino, pomwe cholinga chawo n'kungotolera ndalama kwa aliyense amene ali ndi dzina pa sukulu. Amene analumidwapo amaopa ndi chingwe chomwe. Koma njira yosiyanitsira siyovuta: pitani ku ofesi ya sukulu yanu mukafunse ngati bungwelo lili ndi nthambi pamenepo, komanso mphunzitsi amene amaliyang'anira ndi ndani. Bungwe lenileni limakhala ndi munthu wa pa sukulupo yemwe mungamuone maso ndi maso. Likakhala loti aliyense wolipira walowa, magiredi osafunsidwa n'komwe, limenelo lisiyeni.

Alpha Sigma Lambda ili ndi mbiri yake. Inayamba ku Northwestern University, m'boma la Illinois, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, pakati pa 1945 ndi 1946. Anaiyambitsa ndi Rollin Posey, yemwe anali mkulu wa gawo la yunivesiteyo lophunzitsa anthu akuluakulu madzulo. Inali nthawi imene asilikali ambiri obwerera ku nkhondo ankalowa m'makoleji mothandizidwa ndi lamulo la GI Bill la 1944, ena ali ndi akazi ndi ana kale. Mabungwe a ulemu analipo kale, Phi Beta Kappa inayamba kalekale mu 1776 ku College of William and Mary, koma anali a achinyamata ophunzira tsiku lonse. Posey anaona kuti munthu woweruka ku fakitale n'kukakhala m'kalasi mpaka usiku analibe pomulemekezera. Lero kuti munthu aitanidwe, amayenera kukhala atamaliza ma credit 24 (muyeso wa kuchuluka kwa makalasi amene watenga) pa sukulu yomweyo, GPA yake (avareji ya magiredi) isatsike pa 3.2, ndipo akhale m'gulu la 20 mwa 100 alionse amene achita bwino koposa pakati pa ophunzira akuluakulu anzake. Sizinthu zongogawa ngati maswiti ayi.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi. M'makoleji ambiri kuno muli mndandanda wa ophunzira okhoza bwino umene amautcha Dean's List, ndipo pa masukulu ochuluka umafuna kuti ukhale ukutenga ma credit 12 kapena kuposa pa semesita, omwe ndi pafupifupi makalasi anayi. Nanga munthu wogwira ntchito maola 40 pa sabata, nthawi zina ndi ovataimu pamwamba kuti atumize kangachepe kumudzi, angasenze bwanji makalasi anayi nthawi imodzi? Ambirife timatenga awiri basi. Ine ndemwe ndinakhala zaka zitatu ndikupeza ma A, dzina langa silinatulukepo pa mndandanda uliwonse, chifukwa ndinali wa maola ochepa. Sindinadandaule kwa aliyense, ndinkadziuza kuti ndadzera pepala osati kuombedwa m'manja. Koma tsiku limene ndinaona dzina la kamtsikana kena kamene ndinkakathandiza masamu litamatidwa pa khoma, ndinapita m'galimoto n'kulira. Sichinali nsanje. Ndinangodzimva ngati mlendo pa malo amene ndinkapereka thukuta langa lonse.

Pali amene amati munthu wamkulu safunika zoterezi, ulemu ndi wa ana. Ine ndikuti ndi wamkuluyo amene akuusowa kwambiri. Mwana wa zaka 19 ali ndi makolo omulimbikitsa, anzake m'hosteli, aphunzitsi omudziwa dzina. Mayi wa zaka 45 amalowa m'kalasi ali ndi manyazi, akudzifunsa ngati mutu ukugwirabe ntchito pambuyo pa zaka 25 chilembereni MSCE. Kunyumba ena amamunena kuti akuthawa ntchito za pakhomo. Ku ntchito anzake amamuseka kuti adzamaliza ali ndi ndodo. Nthawi zambiri amene amasiya sukulu pakati si chifukwa cholephera mayeso, koma kutopa ndi kusowa wowauza kuti zikuyenda. Kalata imodzi yochokera ku sukulu ikhoza kumugwira munthu dzanja mpaka semesita ina.

Ndipo si ulemu wokha. Mabungwe amenewa amakhala ndi thandizo la fizi limene mamembala angapemphe, ndipo dzinalo limalembedwa pa CV. Amene ali m'makoleji a zaka ziwiri, kumene ambiri mwa ife timayambira, akhoza kulandira kalata ya Phi Theta Kappa, bungwe limene linayamba mu 1918 ku Missouri, ndipo mayunivesite ambiri amachepetsako fizi kwa mamembala ake akamasamukira kumeneko kukamaliza digiri. Kwa munthu wolipira sukulu ndi ndalama ya mashifiti, nkhani imeneyi si yaing'ono. Inde pali ndalama yolembetsera, ndipo ndikudziwa mmene dola iliyonse imawerengedwera m'nyumba zathu. Ngati ikuvuta, funsani mphunzitsi woyang'anira nthambiyo ngati pali thandizo, musangokhala chete.

Ndikamaganiza za mayi mnzangayu ndimakumbukiranso akwathu. Aphunzitsi a ku pulayimale amene amapita ku Domasi kukawonjezera maphunziro, anamwino obwerera ku sukulu atagwira ntchito zaka khumi, olowa yunivesite kudzera pa mature entry, ophunzira patali ndi Mzuzu University akuwerenga ndi tochi magetsi atazima, mwana ali kumsana. Pa tsiku la graduation timawaimbira nthungululu, ndipo n'zoyenera. Koma zaka zinayi za pakatipo amayenda okha. Ndikanakonda makoleji athu atamawaona anthu amenewa mwapadera, ngakhale ndi kalata chabe yosainidwa ndi mkulu wa sukulu kumapeto kwa chaka, yonena kuti mwa ophunzira ogwira ntchito, inu mwachita bwino. Papepala limodzi sipafunika bajeti ya boma.

Mayi uja ndinamuuza kuti kalatayo asaitaye, Lolemba apite nayo ku ofesi. Wandiimbira usiku wathawu tili pa shifiti zosiyana. Akuti anakumana ndi mphunzitsi woyang'anira nthambiyo, zonse ndi zoona, ndipo mwambo wolandirira mamembala atsopano uchitika Lachinayi lina madzulo kuti ogwira ntchito athe kufika. Adzapatsidwa satifiketi ndi chingwe chovala pakhosi pa graduation. Abambo aja atamva anangoti, "Ndiye ndipemphe ofu tsiku limenelo." Mwana wawo wamkulu wanena kuti ndi amene adzajambule zithunzi zotumiza kwa agogo ake ku Ntcheu. Ine mayiyo wandipempha ndimusinthire shifiti ya Lachinayi limenelo, ndipo ndavomera.